Chikho Chabwera, Mwana Alibe Dzina

Kalekale, osati kale lija nyama zinkalankhula ayi, koma kale loti mpira wa m'tauni tinkaumvera pa wailesi ya mabatire titaunjikana ngati nkhuku pa madeya, pa msika wa Nthumbo panali wometa wina dzina lake Lapukeni. Kashopu kake kanali ka malata akale, mpando umodzi, ndi galasi long'ambika pakona. Kumeta ankameta bwino ndithu, koma anthu sankapitirako tsitsi lokha. Ankapitirako milandu ya mpira.

Munthu ameneyu anali ndi nthenda imodzi, nthenda yosanja anthu. Ukangotchula osewera awiri, iye lumo m'mwamba, n'kukuuza wamkulu ndani, wotsatira ndani, ndi chifukwa chake chomwe. Amene anagona kale kumanda ndi amene adakali kuthamanga, a kwathu kuno ndi a maiko akutali amene sanawaonepo ndi maso, onse anali ndi malo awo m'mutu mwake. Mpira iye sanaumenyepo wopita patali, poti mwendo wake wamanzere unali waufupi pang'ono, koma pakamwa pake sipankaphonya. Chimene ankadana nacho koposa ndi munthu wonena kuti onse ndi akatswiri.

"Amenewo ndi mawu a munthu wamantha," ankatero. "Mpando wangawu ndi umodzi. Munaonapo anthu awiri akumetedwa pampando umodzi? Woyamba amakhala mmodzi basi."

Ndipo wotsutsa ankatsutsa mosamala, poti mutu wake unali m'manja mwa woweruza.

Kumsika ankaseketsa anthu chomwecho, koma kunyumba kwake kunali zii. Iye ndi mkazi wake Nankhoma anakhala m'banja zaka zambiri osamva kulira kwa khanda. Kawiri Nankhoma anaima, kawiri anapita padera. Lapukeni akamameta ana a anzake ankagwira timitu tawo nthawi yaitali kuposa mmene kumeta kumafunira. Zinkamupweteka kwambiri, ndipo mpira ndiwo unali pobisala pake.

Chaka china zabwino ziwiri zinabwera pamodzi. Nankhoma anaimanso, mimba n'kumakula bwinobwino. Nayo timu ya pa Nthumbo, Njati, imene chiyambire inali isanapateko ngakhale mbuzi, inalowa m'ndime ya chipulula ya chikho cha boma lonse, kumene wogonja amalongedza zikwama osabweranso. Panatsala masewero atatu kuti chikho chikwere lole ya ku Nthumbo.

Tsiku lina la msika, shopu itadzaza, wogulitsa kaunjika wina anayamba kumuputa. "A Lapukeni, Njati zanuzi ndi ng'ombe zapangolo. Zikathera panjira izi."

Lapukeni chimwemwe cha zinthu ziwiri zija chinali chitamukwera kumutu ngati kachasu. Anasiya mutu wa munthu uli theka, n'kuima pakhomo.

"Mverani nonse! Pali malemu bambo anga ali kumandawo, Njati zikabweretsa chikho pano, mwana ali m'mimba mwa mkazi wangayo adzatenga dzina la munthu amene wachibweretsa. Mmodzi! Ndipo wosankha ndine."

Anyamata anaomba m'manja ndi kuliza malikhweru. Akuluakulu anayang'ana pansi, pakuti kwathu kuno mwana wam'mimba sakambidwa pamsika, ndipo satchulidwa dzina asanaone dzuwa. Komanso mwini dzina si munthu wamba. Ndiye amalandira mwana tsiku lotuluka m'chikuta, amasanduka ngati bambo wachiwiri, ndipo akuluakulu amati mwana amaponda m'mapazi a mwini dzina lake.

Nkhani inafika kunyumba mwini wake asanafike. Anapeza Nankhoma atakhala pakhonde, maso ofiira.

"Inu abambo," anatero mkaziyo, "zaka zonsezi ndalira ine, lero mwatenga mwana wanga mwakamupachika pa golo? Mwalumbira pa manda a apongozi anga. Lumbiro lomangirira pa mwana likapanda kukwaniritsidwa limagwera yani? Inu kapena iyeyu?"

"Mtima pansi, Nankhoma. Kusankha ndiye ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku."

"Lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane," anayankha Nankhoma, n'kulowa m'nyumba.

Masewero oyamba anali ndi Mavu a ku Katope. Pagolo pa Njati panali Tadeyo, kalipentala, munthu wosalankhulalankhula amene mipando yake inali m'nyumba zambiri za pa Nthumbo, kuphatikizapo uja wa m'shopu ya Lapukeni. Chigawo chachiwiri chitangoyamba, Tadeyo anadziponya kumapazi a mdani, ndipo nsapato inamuponda dzanja lamanja. Amene anali pafupi anamva kuti thyo! Goloboyi wina panalibe tsiku limenelo. Mphunzitsi wa timu anati atuluke athamangire kuchipatala, wina aliyense avale malaya akewo. Tadeyo anapempha mpango kwa mayi wina wogulitsa nzimbe, anamanga dzanjalo akukoka mfundo ndi mano, n'kunena kuti, "Ndikatuluka ine, tatuluka tonse." Chakumapeto Mavu anapatsidwa penate, ndipo Tadeyo anaukankhira kunja mpirawo ndi dzanja lomwelo lothyokalo. Njati zinapitirira. Kuchipatala anati akanabwera msanga bwenzi atalunzanitsa, koma penate ija inaphwanyiratu mafupa. Zala zinauma chopindika, ndipo sowo ndi hamala anazipachika pakhoma.

"Nkhani yatha," anatero Lapukeni pobwerera. "Chikho chikangobwera, dzina ndi Tadeyo."

Masewero achiwiri anali ndi Ziphaliwali za ku Mgodi. Kumbuyo kwa Njati kunkatchinga Yotamu, mtsogoleri wa kwaya kutchalitchi, munthu woti chiyambire mpira anali asanaonetsedwepo khadi. Chilungamo chake chinkatopetsa ochemerera, chifukwa mpira ukatuluka utamukhudza iye, ankauza yekha woimbira ngakhale woimbirayo asanaone. Tsikulo Njati zinatsogola ndi chigoli chimodzi, koma mitima inali m'mwamba, poti goloboyi wolowa m'malo mwa Tadeyo sakanatha kugwira ngakhale dzungu lomuponyera mlongo wake. Aliyense ankadziwa kuti Ziphaliwali zikangobweza, masewero akathera ku mapenate, ndipo kumeneko Njati zikaphedwa ngati nkhuku. Woimbira ataika kale wezulo pakamwa kuti athetse, mpira unamudutsa goloboyi uja n'kulunjika m'golo mopanda munthu. Yotamu anafika pamzere. Mutu sunafikire, mwendo sunafikire. Anakweza dzanja n'kuwomba mpirawo ngati akupha udzudzu, dziko lonse likuona. Khadi lofiira linatuluka. Womenya penate wa ku Mgodi anautumiza mpira m'munda wa fodya, ndipo masewero anathera pomwepo. Anthu a pa Nthumbo anavina mpaka fumbi kobo, koma Yotamu anavula nsapato n'kuyenda yekha wapansi kupita kwawo. Masewero otsiriza, amene anawalota moyo wake wonse, analetsedwa kusewera. Ku Mgodi anamupekera nyimbo yomutcha mbala, ndipo Lamulungu lotsatira iye mwini anachoka kutsogolo kwa kwaya n'kukakhala benchi yakumbuyo.

Ulendo uno Lapukeni pobwerera anangokanda m'mutu.

Masewero otsiriza anali ku Boma. Kutsogolo kwa Njati kunali Sandifolo, wakabaza, mnyamata wa miyendo yoti ukamuonera umaiwala njala, komanso wa matama oti ukamumvera umakhuta. M'masewero awiri aja sanachite chooneka, anaphonya zigoli zoti ngakhale Lapukeni ndi mwendo wake waufupi akanamwetsa. Koma timu ina yaikulu ya m'tauni inali itamuona kale, ndipo inamuitana kukamuyesa tsiku lomwelo la masewero otsiriza, n'kunenetsa kuti akapanda kufika asadzavutikenso. Umenewu unali mwayi umene mwana wa pa Nthumbo sanaupezepo. M'mawa mwake Sandifolo anali pasiteji ndi chikwama chake, phazi limodzi lili kale m'basi, pamene lole ya ochemerera inadutsa ikuimba. Palibe anamuitana, anthu anangomukwezera manja omutsanzika. Iye anatsitsa phazi lija, anathamangira lole n'kudziponya m'katimo. "Popanda ine mukangochita manyazi inu," anatero, misozi ili m'maso. Ku Boma, Tadeyo atakhala panja ndi dzanja lomanga, Yotamu ataima kuseri kwa chingwe ngati mlendo, Sandifolo analandira mpira pakati pa bwalo, anapinda mmodzi, anapinda wina, wachitatu anakhala pansi yekha, ndipo ukonde unagwedezeka. Chigoli cha tsikulo chinali chomwecho basi. Timu ya m'tauni inatenga mnyamata wina, ndipo Sandifolo anabwerera pa njinga yake.

Lole inalowa pa Nthumbo dzuwa likupendeka, chikho chili pamwamba, Lapukeni mawu atatha ndi kukuwa. Asanatsike n'komwe, amayi anamuchingamira ndi nthungululu zamtundu wina. Nankhoma anali atachira, mwana wamwamuna, wamoyo, wolira mokweza. Lapukeni anagwada pafumbi pomwepo n'kulira ngati mwana, ndipo palibe anamuseka.

Tsono mayi ndi khanda analowa m'chikuta, mmene amakhala kufikira mchombo utagwa, ndipo mwamuna saloledwa kulowamo. Pa Nthumbo ponse panatsala funso limodzi. Pachigayo, pamjigo, pogulitsira tchipisi, anthu anagawikana patatu. Shopu ya Lapukeni inkadzaza ndi anthu a mitu yometameta kale, kudikira chigamulo. Koma woweruza uja ankangonola lumo, n'kumati, "Tikuziona."

Woyamba kubwera anali Tadeyo. Anakhala pampando umene anapanga yekha, n'kupempha kuti amumete ndevu, poti ndi dzanja lamanzere ankangodzicheka.

"A Lapukeni, sindinabwere kudzapempha ayi," anatero maso ali pagalasi. "Koma dzanja ili lapita. Mipando ndinapanga ija idzathyoka, anthu adzagula ina. Likanakhalapo dzina langa likuthamangathamanga pabwalo pano, ndikanati sindinataye pachabe."

Lapukeni anapitiriza kumeta. Mumtima anati, popanda munthu uyu tikanathera ku Katope, ndipo enawo sakanapeza n'komwe pochitira zawozo.

Tsiku linzake kunabwera Yotamu. Sanalowe, anaima pakhomo chipewa chili m'manja.

"Achimwene, ndamva anthu ena akutchula ine. Musatero. Ine ndinaba. Anyamata a ku Mgodi aja analira chifukwa cha dzanja langa, ndipo chigoli chinali chawo. Mwana wodikiridwa chonchi musamuveke dzina la mbala."

"Nanga tsiku lija litabwereranso," anafunsa Lapukeni, "ungausiye mpira uja ulowe?"

Yotamu anapotokola chipewa chake nthawi yaitali.

"Ndingaugwirenso," anatero. "N'chifukwa chake ndikuti musatero."

Anapita. Ndipo Lapukeni anadabwa kuona kuti kukana kumeneku ndiko kunamukweza Yotamu m'maso mwake. Dzanja lothyoka anthu amalilemekeza, koma uyu anapereka mbiri yake, chinthu chimene kuchipatala samanga.

Sandifolo anabwera akuliza belu la njinga kuyambira kumsewu.

"Madala, mwachedwa nazotu izi! Munati amene wabweretsa chikho. Tadeyo anatseka chitseko, Yotamu anatseka zenera, zikomo kwambiri. Koma kutseka sikubweretsa kanthu m'nyumba. Ku Boma kunali chigoli chimodzi, ndipo mwendo wake ndi uwu." Anaumenya mwendowo ndi chikhatho, anthu n'kuseka. Kenaka anasendera pafupi n'kutsitsa mawu. "Mnyamata anatenga malo anga uja ndamumva dzulo pa wailesi, madala. Ine ndinali nditanyamula thumba la makala. Ngati dzina langa silidzamveka pa wailesi, limveke pakhomo panu."

Apa ndi pamene Lapukeni anazindikira kuti zaka zonse zija ankaweruza mosavuta chifukwa oweruzidwawo anali kutali, ndipo chigamulo chake sichinkabaya munthu. Akayeza ndi chigoli, ankapambana Sandifolo. Akayeza ndi magazi, ankapambana Tadeyo. Akayeza ndi mphindi imene zonse zikanathera pompo, linkaoneka dzanja la Yotamu lili m'mwamba. Tsono akakumbukira kuti mwana amaponda m'mapazi a mwini dzina, mantha ankamugwira. Ankafuna mwana wake adzakhale wolimba mtima ngati Tadeyo, koma osati wodziwononga chifukwa cha masewero. Ankafuna adzakonde anthu ake ngati Yotamu, koma nanga adzamuuza chiyani tsiku limene adzafunse kuti mwini dzina langa anachita chiyani? Miyendo ya Sandifolo ankaifuna, pakamwa pakepo ayi. Zoonadi, mbalame ikatera pauta silasika.

Anayesa kuzemba. Anapita kwa azakhali ake a Nankhoma, amene ankayang'anira chikuta, n'kunena mwaulemu kuti mwina mwanayo angotenga maina onse atatu.

Mayiwo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Mapanga awiri avumbwitsa, nanga atatu? Wolandira mwana potuluka m'chikuta ndi mmodzi, sitimupatsirana ngati mpira wanuwo. Ndipo si inu munalumbira pa manda kuti mmodzi? Pampando panu paja pamakhala anthu angati, akamwini?"

Lapukeni anazungulira kuseri kwa nyumba, n'kuima pazenera la chikuta.

"Nankhoma," anaitana chapansipansi. "Ndithandize. Sankha iwe."

"Mchombo wagwa lero," anayankha mkaziyo m'katimo. "Mawa mwana atuluka."

"N'chifukwa chake ndikuti sankha iwe. Chimene unene, ndikanena chomwecho."

"Ayi, abambo. Wolumbira ndinu, ndipo munati wosankha ndinu. Ine mpira wanuwo sindiudziwa. Chimene ndikudziwa ndi ichi: mwana wopanda dzina ndi mlendo, sanatsimikize zokhala. Awiri aja anabwerera tisanawaitane. Uyu wabwera, akuyamwa, akutiyang'ana. Mumuitane, abambo, kuti akhale. Ndipo mumuitane ndi dzina loona, loti apongozi anga kumandako asati mwanama."

Lapukeni anatsamira khoma. Anamva kakhanda kakulira m'katimo, ndipo anaopa kuposa mmene anaopera chilichonse pamoyo wake.

Kutacha anapereka lezala latsopano kwa azakhali aja kuti amete tsitsi loyamba la mwana, monga mwa mwambo. Wometa wa msika wonse anaima panja manja ali kumbuyo, mutu umene ankaufunitsitsa ukumetedwa ndi ena. Anthu anadzaza pabwalo, ndipo anyamata a timu anabweretsa chikho n'kuchiika pamtondo wovundikira. Tadeyo anabwera ndi kampando kakang'ono, kopendama pang'ono, kamene anakhoma ndi dzanja lamanzere. Sandifolo anabwera ndi malaya amene anavala ku Boma, atawachapa ndi kuwasita. Yotamu anaima kutali kumpanda, nkhuku ili m'khwapa, n'kumauza aliyense kuti iye wangobwera kudzaona mwana basi.

Chitseko chinatseguka. Azakhali anatuluka ndi khanda m'chitenje chatsopano, Nankhoma ali pambuyo pawo, maso ake ali pa mwamuna wake. Nthungululu zinalira.

"Bambo a mwana," anatero azakhaliwo, "manja anga atopa. Ndimupereke kwa yani?"

Lapukeni anayang'ana dzanja lopindika, anayang'ana malaya ositidwa, anayang'ana kumpanda. Munthu amene anasanja akatswiri a dziko lonse lapansi lumo lili m'manja anatsegula pakamwa, ndipo sipanatuluke kanthu.

Ine ndamusiya pomwepo, pakamwa pali yasa, dzuwa likukwera, mwana akudikira kuitanidwa. Musandiuze kuti onse ndi akatswiri, chifukwa mwamva kale kuti amenewo ndi mawu a munthu wamantha, ndipo mpando ndi umodzi. Wina anapereka dzanja, wina anapereka mbiri, wina anapereka tsogolo lake, ndipo mukachotsapo mmodzi chikho sichifika pa Nthumbo. Tsono inu amene mumatha kuweruza mpira muli chikhalire, tandiuzani: mwana wa Lapukeni aperekedwe m'manja mwa yani, mwa Tadeyo, mwa Yotamu, kapena mwa Sandifolo?